Chigongono cha munthu woumira

M'miyezi ya chiperoni ya 2024 mbiri yanga kutchalitchi inakwera popanda ine kuchitapo kanthu. Amayi a Mvano anayamba kunong'onezana kuti bambo aja a ku Mpingwe asintha, masiku ano akupereka moni mwaulemu wosaneneka. Ankandiona ndikutambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono, thupi litawerama pang'ono, nkhope itakwinyika modzichepetsa. Mkulu wa mpingo wina anafika pondiloza kwa achinyamata kuti aziphunzirako. Zoona zake n'zakuti dzanja lamanzere lija linkachirikiza chigongono chimene chinkandipweteka koopsa, ndipo nkhope inkakwinyika chifukwa ndinkadziwa kuti m'bale amene akubwerayo ndi uja amafinya dzanja la mnzake mpaka zala kulira. Matamando amenewo ndinawalandira mwakachetechete, koma sanali anga, ndipo ndikuwabweza.

Ine ndine munthu woumira. Pakakhala alendo akazi anga amati ndine wosamala ndalama. Alendo akapita amatchula dzina lenileni. Ndinapuma pantchito ya muofesi, kumene kwa zaka zambiri chida cholemera kwambiri chimene ndinkanyamula chinali chidindo. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu mu Limbe inayamba kusintha pakati pa m'mawa ndi madzulo, ndipo ine ndinaganiza zoweta nkhuku kuseri kwa nyumba kuti penshoni ipeze mnzake. Mvula itatha ndinaitana mmisiri. Iye anati pansi pa khola pafunika silabu, apo ayi makoswe ndi chinyezi zidzatha anapiye. Silabu imafuna simenti, mchenga ndi kwale. Simenti sindikanatha kupanga ndekha, ngakhale ndinaganizirapo. Pa mchenga ndinanenerera mpaka mwini lole anandifunsa ngati ndikufuna angondipatsa ndi lole yomwe. Pa kwale ndiye ndinakaniratu.

Kwale wa makina amachokera ku Njuli, pa msewu wa ku Zomba, koma ameneyo ndi wa anthu omanga nyumba zosanja. Wa ife anthu wamba amagulitsa amayi amene amakhala m'mbali mwa misewu cha ku Bangwe kuno, kuswa miyala ndi manja n'kumayeza pa wilibala. Ndinapita, ndinafunsa mtengo, ndinaseka. Ndinawauza amayi aja kuti ife a ku Mpingwe timagona pa miyala, polima kadimba khasu limayamba lakumana ndi mwala lisanaone dothi. Ndigule bwanji chinthu chimene chimandipunthwitsa pabwalo panga pomwe? Mayi wina, osadzutsa n'komwe mutu, anati, “Pitani mukaswe, bambo. Miyala siithawa.”

Hamala ndinakagula mu Limbe, yaikulu ndithu, nditazungulira mahadiweya onse kufunafuna yotchipa. Ndikulowa nayo pageti, akazi anga anayang'ana hamala, anayang'ana mikono yanga, kenako anauza mwana wathu wamkazi mokweza bwino kuti ine ndimve: “Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha.” Ndinanamizira kuganiza kuti akunena mdzukulu.

Kuswa kwale kuli ndi luso lake, ndipo lusoli ndinalizindikira mochedwa, nditasanduka kale wodwala wokhala ndi nthawi yoonerera ena akugwira ntchito. Amayi aja amakhala pansi, mwala amauika pa mwala wina waukulu, ena amauzinga ndi mkombero wa mphira kuti zidutswa zisauluke. Hamala yawo ndi yaing'ono, ndipo saigwira mofinya. Amaikweza n'kuisiya igwe ndi kulemera kwake, dzanja n'kumangoilondolera. Amadziwa mbali imene mwala ungang'ambikire, ndipo chimwala chachikulu kwambiri amayamba achisonkhera moto kuti chichite ming'alu. Ine ndinkafinya mpini ndi mphamvu zanga zonse, kumenya mokwiya, dzanja ndikulipinda pomenya paliponse, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, poti ndinkafuna aneba aone kuti munthu wa muofesi nayenso ndi mwamuna. Ndikatopa ndi hamala ndinkatuta miyala m'zidebe ziwiri, uku ndi uku, zigwiriro za waya zikudula zala. Kupuma ndinkakuwerengera kumbali ya zotayika.

Ululu sunabwere tsiku limodzi. Poyamba kanali kakuwawa kochepa pa kafupa kotukuka kaja kali mkati mwa chigongono, mbali yoyang'ana kunthiti. Ndikayamba ntchito mkono n'kufunda, kankazimiririka, ine n'kumati ndi ulesi umene ukutuluka m'thupi. Kenako kanayamba kutsetsereka mumkono kulowera kudzanja, m'mawa chigongono chikumadzuka chouma. Mapeto ake kanasiya kudikira hamala.

Ntchito zazikulu ndinkatha kuzizemba ndi zifukwa. Zimene zinandichititsa manyazi ndi zing'onozing'ono. Kutembenuza kiyi pachitseko. Kufinya thaulo posamba. Kunyamula ketulo. Pa kabaza ndinkagwira chitsulo cha kumbuyo ndi dzanja limodzi, moyo wanga wonse uli kumanzere. Koma choopsa chinali nsima. Mbamu imafuna kuumbidwa m'chikhatho, ndipo kuumba kulikonse kunkabaya pachigongono. Tsiku lina ndinapempha supuni. Patebulo panangoti zii. Mdzukulu wanga wa sitandade 2 anafunsa agogo ake aakazi, monong'ona koma momveka, ngati agogo aamuna asanduka mzungu.

Chenicheni chimene chinayambitsa ndinachibisa, ngakhale mulu wa miyala unali poonekera kwa aliyense. Ndinati ndi chiperoni. Akanatsutsa ndani? Mu Juni ndi Julayi mtambo ukakuta phiri la Mpingwe, kamvula kowaza kaja kakayamba, aliyense wopitirira zaka 50 amakhala ndi pamene pakumuphwanya. Ndinati ndi nyamakazi ya kumtundu kwathu, ngakhale malemu bambo anga analima mpaka ukalamba osadandaulapo mfundo ndi imodzi yomwe. Alamu anga a ku Thyolo atabwera anayendera maziko a khola, anapukusa mutu, nati chitukuko chimaitana nsanje, pali amene wandiponda. Anati akudziwa munthu wotema mphini amene saphonya. Ndinakana mwamphamvu, ndipo akazi anga anasangalala poganiza kuti ndi chikhulupiriro. Chimene chinandikanitsa n'chakuti alamu anatchula nkhuku yamoyo ndi thiransipoti ya anthu awiri.

Ndinayamba ndi zapafupi. Mumsika wa Limbe muli anyamata ogulitsa timabotolo ta mankhwala opaka, ena ofiira, ena obiriwira, ena olembedwa zilembo zimene ngakhale wogulitsayo sangawerenge. Onse amatentha pakhungu, ndipo kutenthako kumaiwalitsa ululu kwa kanthawi. Ndinkapaka m'mawa, ululu n'kuzirala, ine n'kubwerera ku hamala. Apa ndiye panali uchitsiru weniweni: mkono ukundichenjeza, ine n'kumagula zoutseka pakamwa. Mapiritsi a brufen ndinkachita nawo chimodzimodzi, nthawi zina pamimba yopanda kanthu, mpaka chifu nachonso chinalowa m'gulu la odandaula.

Achemwali anga aakulu, atabwera kudzacheza kuchokera ku Chiradzulu, anatenga nsalu, madzi otentha ndi masamba a nsatsi n'kumandithowa madzulo. Ndinene chilungamo: pa zonse zimene ndinayesa ndisanapite kuchipatala, kuthowaku n'kumene kunali kwanzeru. Kutentha kumafewetsa minofu youma, ndipo dzanja la munthu wachikulire silipanikiza mopyola. “Achimwene,” anatero akufinya nsalu, “mankhwala a mkonowu ndi kusiya chimene mukuchitacho.” Ndinati palibe chimene ndikuchita. Anayang'ana mulu wa miyala, anayang'ana ine, n'kuviikanso nsalu m'madzi.

Mwana wanga wamwamuna amene amagwira ntchito ku Johannesburg anamva nkhaniyi kwa mayi ake, natumiza ndalama kuti ndikaonane ndi dokotala. Ndinathokoza, ndinamudalitsa, ndinakagula waya wa khola.

Ndiye kunabwera mnyamata wa m'dera lathu lomweli, wa chifuwa chotakata, amene madzulo amanyamula zitsulo zowotcherera ku magiya a galimoto zakufa. Anati anatikitapo osewera mpira, ndipo mkono wangawu ndi nkhani ya masiku ochepa. Mtengo wake unali botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi. Mtima wanga unamukonda pomwepo. Chiphunzitso chake chinali chakuti pachigongono paundana magazi oipa ndipo afunika kuphwanyidwa. “Madala, pakapweteka ndiye kuti pakugwira,” anatero, chala chachikulu chili pa kafupa kaja, akupanikiza mozungulira ndi thupi lonse. Ine ndinakukuta mano, misozi ili lengelenge, poti mwamuna salira pa zinthu zaulere. Kenako chala chake chinatsetserekera kuseri kwa kafupako, mu kangalande kamene kali pamenepo, ndipo china chake chinang'anima kuchokera pachigongono mpaka kunsonga ya kachala kakang'ono. Ndinakuwa mawu amene munthu wobatizidwa sayenera kuwadziwa.

“Eya! Tapapeza,” anatero mnyamatayo mosangalala, n'kubwerezanso.

Ndinamulola kubweranso, osati kamodzi. Mlandu wonse sindingauike pa iye, chifukwa chiphunzitso chakecho ndinakula nacho inenso. Tinaleredwa kuti mankhwala enieni ndi owawa, jekeseni yabwino ndi yotsimphinitsa, ndipo chimene sichipweteka n'chachibwana. Iye anangobweretsa zala. Chikhulupiriro anachipeza pakhomo.

M'mawa wina ndinadzuka kachala kakang'ono ndi theka la chala cha mphete zili dzanzi. Ndinazitsina, ndinaziviika m'madzi ofunda, dzanzi osachoka. Munthu wa msinkhu wanga akamva dzanzi amaganiza chinthu chimodzi: sitiroko. Ndinakhala pamphepete pa bedi n'kuwerengera mtengo wa bokosi, galimoto yonyamula maliro kupita kumudzi, ndi matumba a ufa odyetsa anthu obwera kudzakhuza. Ndinapeza kuti kuchipatala n'kotchipa.

Mu Blantyre malo othandiza mavuto otere alipo. Ku Queens, chipatala chachikulu chimene chinatsegulidwa mu 1958, kuli chigawo cha fiziyo. Chapafupi pomwepo pali Kachere Rehabilitation Centre ya bungwe la MAP, ndipo anzanga a ku Limbe musasokoneze ndi Kachere wathu wa pa msewu wa ku Zomba. Palinso Beit CURE, chipatala cha mafupa chimene chinayamba mu 2002, chodziwika kwambiri pothandiza ana. Kale akatswiri a fiziyo anali owerengeka m'dziko muno ndipo ankakaphunzira kunja, koma kuyambira 2010 College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuwaphunzitsa konkuno. Ndinapita ku amodzi mwa malo amenewa, ndipo pa benchi yodikirira ndinakhala pakati pa bambo wina amene akuphunziranso kuyenda sitiroko itamugwetsa ndi mnyamata wa kabaza wothyoka mwendo. Atandifunsa chimene chandibweretsa, ndinangoti, “Kamkono,” n'kuyang'ana pansi.

Amene anandiona anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga. Anayamba ndi khosi, kulitembenuza uku ndi uku, poti ululu wa mumkono nthawi zina umachokera kumeneko. Anayeza kuthamanga kwa magazi, anandiuza ndimwetulire, ndikweze manja onse awiri, n'kunena kuti za sitiroko ndiziiwale. Kenako anakhudza kafupa kaja ndi chala chimodzi, ine n'kudumpha. Anati nditambasule mkono chikhatho chili m'mwamba, ndipinde dzanja iye akulikaniza: panabaya pomwepo. Nditembenuze chikhatho chiyang'ane pansi iye akukaniza: chimodzimodzi.

“Bambo, mwakhala mukugwira ntchito yanji ndi dzanja limeneli?”

“Ine ndinapuma pantchito, mwananga. Ndimangowerenga nyuzipepala.”

Anatembenuza chikhatho changa n'kuyang'anitsitsa matuza amene anauma n'kusanduka chikopa.

“Nyuzipepala yake ndi yolemera,” anatero akazi anga ali pa mpando kumbuyo kwanga. Ndinaulula.

Zimene anandifotokozera ndizilemba pano, poti ndinazilipirira ndipo ndikufuna zipindule. Minofu imene imapinda dzanja, imene imathandiza kufumbata, ndi imene imatembenuza chikhatho kuyang'ana pansi, ili mbali ya mkati ya mkono, ndipo yambiri imakamangirira pamalo amodzi: pa kafupa kotukuka kaja. Chomangirira chake ndi mtsempha wolimba woyera, mtundu womwe uja umatikanika kutafuna pa nyama ya ng'ombe. Munthu akamafumbata mwamphamvu, kupinda ndi kupotoza dzanja mobwerezabwereza, mtsemphawo umayamba kuperepeseka, tiulusi take n'kumaduka pang'onopang'ono, ngati chingwe cha pachitsime chimene chimakhula pamalo amodzi tsiku ndi tsiku. Palibe magazi oundana, ndipo palibe choti chiphwanyidwe. Mumtsempha wotere magazi amafikamo ochepa, n'chifukwa chake umachira mochedwa: miyezi, mwinanso kupitirira chaka ukaunyalanyaza. Vutoli limakonda anthu a zaka za pakati pa 40 ndi 60, ndipo osuta fodya, onenepa kwambiri ndi odwala shuga limawapeza msanga.

Dzanzi lija linali nkhani ina. Mu kangalande ka kuseri kwa kafupako mumadutsa mtsempha wa mtundu wina, wonyamula mauthenga kupita ku kachala kakang'ono ndi theka la chala cha mphete. Ndi womwe uja umanjenjemeretsa mkono wonse munthu akagunditsa chigongono pamphepete pa tebulo. Uli pafupi kwambiri ndi khungu ndipo ulibe mnofu wouteteza. Ena mwa odwala chigongono chamkati mtsemphawu umawavuta pawokha. Wanga unali ndi wouthandiza, wa chifuwa chotakata.

Mu kabuku kanga ka kuchipatala analembamo medial epicondylitis, koma anati anthu amangoti golfer's elbow, poti osewera gofu nawonso amadwala, ngakhale ambiri mwa odwala sanagwirepo ndodo ya gofu chibadwire. Ndi akalipentala, omanga nyumba, amakaniko, ogwira zikwanje, amayi ofinya zochapa ndi ovundula nsima ya pamaliro. Mnzake wa kunja kwa chigongono, tennis elbow, ndiye wofala kwambiri. Zonsezi anazinena, koma makutu anga anatola liwu limodzi. Gofu! Limbe Country Club ili pafupi nafe pompa koma ine ndimangodutsa kunja kwa geti, ndipo ku Blantyre Sports Club, imene inayamba mu 1896 pa nthawi ya atsamunda, sindinapondeko phazi. Komabe madzulo omwewo pa bawo ndinalengeza kuti madokotala andipeza ndi matenda a osewera gofu. Anzanga anandiyang'ana mwa mtundu wina, wina mpaka anandisunthira pa benchi. Zinayenda bwino kufikira aneba anga, amene mpanda wawo unagundana ndi wanga ndipo hamala ija inkawadzutsa m'mawa uliwonse, anafunsa ngati mipira ya gofu masiku ano akuyeza pa wilibala.

Tsono za kutikita. Ndinkayembekeza kuti mtsikana uja andiletseratu, koma ayi. Anati kutikita kumathandiza, bola kudziwa potikita ndi chimene ukufuna kupeza. Anaitana akazi anga kuti ayandikire. Mkono anauika pa pilo, chikhatho chikuyang'ana kumwamba, chigongono chitapindika pang'ono, n'kupaka mafuta ochepa. Sanayambire popweteka. Anayambira pa mnofu wa mkono, kusisita ndi chikhatho kuchokera kudzanja kukwera kuchigongono, mobwereza, mpaka khungu litafunda. Kenako ndi chala chachikulu anatsata mnofuwo mofatsa, akapeza pouma n'kuimapo pang'ono, osaboola. Pomaliza ndi pamene anafika pa mtsempha uja, mmunsi pang'ono mwa kafupa, n'kumasisita mopingasa, uku ndi uku, kwa mphindi zochepa chabe. Kafupa kenikeniko sanakapanikize, ndipo kangalande ka kuseri anakaloza n'kunena kuti, “Apa, mayi, musamapayandikire. Akamva kunjenjemera kuzala, siyani pomwepo.” Muyeso wake anati ndi wakuti wodwala azitha kucheza uku akutikitidwa. Akayamba kukukuta mano ndiye kuti mwapyola, ndipo ngati m'mawa mwake ululu wawonjezeka, dzulo munalakwitsa.

Kusisita mopingasa kuja kunatchuka ndi dokotala wa ku London, James Cyriax, wa pa chipatala cha St Thomas', ndipo a fiziyo m'maiko ambiri akhala akukugwiritsa ntchito kwa zaka zochuluka. Koma mtsikanayo sanandinamize. Anati ofufuza sanapeze umboni wokwanira wakuti kutikita pakokha kumachiza mtsempha wotere. Kumafewetsa minofu imene ikukoka pamalopo, kumachepetsa ululu kwa kanthawi, ndipo kumapatsa munthu mpata wochita zimene zimachiza kwenikweni: kuchepetsa ntchito imene yavulaza mkono ndi kuulimbitsanso pang'onopang'ono. Ine, wosamva, ndinafunsa za jekeseni. Anati ya steroid ilipo, imaziziritsa ululu kwa milungu ingapo, koma pakapita miyezi phindu lake silioneka, ndipo kwa munthu wa khalidwe langa ingangokhala chilolezo chobwerera ku miyala. Opaleshoni ndi ya ochepa amene zina zonse zawakanika.

Ntchito imene anandipatsa inali yonyozeka. Kuwongola mkono chikhatho chili m'mwamba, n'kukokera zala pansi ndi dzanja linalo kwa masekondi 30. Kenako kugoneka mkono pa tebulo, dzanja likulendewera m'mphepete litagwira kabotolo ka madzi ka theka la lita: kulikweza mothandizidwa ndi dzanja lamanzere, n'kulisiya litsike lokha pang'onopang'ono. Kutsitsako ndiye kofunika. Mkono ukavomera, kulemera kumawonjezedwa, madzi kenako mchenga. Anandiuzanso za kalamba komanga pa mkono, mmunsi pang'ono mwa chigongono, pogwira ntchito, ndi kuikapo madzi oundana okulunga m'kansalu kwa mphindi 15 pakapweteka. Madzi oundanawo kwathu amadalira ngati magetsi anayaka usiku.

Choncho munthu amene ankagumula phiri anayamba kukhala pakhonde kukweza kabotolo, mdzukulu akuwerenga mokweza kuti mtunda wonse umve. Mnyamata wa zitsulo uja ndinamutumizira uthenga wakuti ndapita kumudzi, ndipo kwa kanthawi ndinkazungulira njira ina popita kugolosale. Madzulo akazi anga ankatikita. Pa mafuta tinakangana: ine ndinati a kukhitchini angakwane, iwo anati ndi mtengo wa mafuta ophikira masiku ano bola Vaseline, ndipo kwa nthawi yoyamba m'banja lathu anandiposa kuumira. Manja awo ndi abwino, koma ndinazindikira msanga kuti mphindi zimenezo ndi za milandu. Munthu amene mkono wake uli m'manja mwa wina, chala chachikulu chikuyendayenda pafupi ndi kangalande koletsedwa, amavomera zambiri.

“Abambo, ndalama anatumiza mwana zija zinapita kuti?”

Ndinaulula za waya. Ndinavomera kugula mbaula yatsopano. Ndinavomeranso kuti denga la khitchini limadontha, chinthu chimene ndinachikana kwa zaka, madzi akundigwera pamutu.

Dzanzi linayamba kuchoka. Ululu ndiye unachedwa. Pofika mu Okutobala ndinkatha kuumba mbamu osakwinya nkhope, ndipo ndinati zatha. Tsiku lina lole inatsitsa matumba a simenti pageti. Anyamata anapempha ya ganyu kuti alowetse mkati. Ine ndinayang'ana mtunda wake, ndinayang'ana ndalama imene akufuna, n'kugwira thumba la makilogalamu 50 ndi nsonga za zala. Lachiwiri sindinaligwire. Ndinabwerera kwa mtsikana wa fiziyo uja mutu uli pansi. Sanandikalipire. Anangonditsitsa kalasi, kuchoka ku botolo la mchenga kubwerera ku la madzi, n'kunena kuti ululu umachoka msanga kusiyana ndi mmene mtsempha umalimbira, ndipo ambiri amadzivulazanso pa nthawi yomweyo imene ayamba kumva bwino.

Otikita ndi othowa a m'makomo mwathu sindikuwanyoza onse. Achemwali anga sanalowepo kalasi ya zachipatala koma sanandiwonjezere vuto. Kungoti pali zina zimene sizifuna mafuta kapena masamba: chigongono chotupa, chofiira ndi chotentha, makamaka thupi likutenthanso, mkono umene ukukanika kuwongoka munthu atagwa, dzanzi losachoka kapena zala zimene zikufooka, ndi ululu wa mumkono wobwera pamodzi ndi kuthina pachifuwa kapena kubanika. Zimenezo n'za kuchipatala tsiku lomwelo, kaya alamu anena chiyani.

Kwale wotsala ndinakagula kwa amayi omwe aja. Ndinkafuna kutuma mwana, koma akazi anga anati amene anaseka ndi amene apite. Mayi uja anandizindikira, maso ake n'kugwera pa kalamba ka pamkono panga.

“Bambo, miyala ija yatha?”

Ndinati ndatanganidwa. Mtengo unali utakwera kuposa umene ndinauseka, ndipo ndinalipira osanenerera, chinthu chimene kunyumba sanakhulupirire. Ndili chiimire kudikira wilibala, ndinaona mayi wina akugwedeza dzanja n'kumasisita mkati mwa chigongono, pamalo omwe aja. Luso limachedwetsa vutoli koma siliteteza munthu amene amaswa miyala chaka chonse. Iye alibe mwana ku Johannesburg, ndipo kumuuza kuti apumitse mkono n'kumuuza kuti ana agone ndi njala. Ndinamuonetsa za kukoka zala ndi za kabotolo, ndinamuchenjeza za kangalande. Anamvetsera mwaulemu, anathokoza, n'kutolanso hamala.

Khola linatha, nkhuku zilimo. Ndinayesa kuwerengera zonse papepala: mankhwala opaka, mapiritsi, minibasi za pa Chipembere Highway ife awiri kupita ndi kubwera, za kuchipatala, mbaula, malata a khitchini ndi kwale wa mtengo watsopano. Ndinasiyira pakati, pepalalo ndinaponya pa mbaula yatsopano ija kuti lisapezeke. Mkono tsopano uli bwino, kupatula m'mawa wozizira kwambiri, ndipo kabotolo ndimakwezabe ngati pakhonde palibe anthu. Hamala ikadalipo, mpini wake ndi wolimba. Amene akuifuna andipeze ku Mpingwe. Ndikugulitsa mtengo womwe ndinagulira, ndipo sindichotsera.